Muzu wa Liwu la Adokotala

Adokotala anamuitanira pakhonde, patali pang'ono ndi bedi, monga amachitira madokotala zoti anene zikakhala zosakoma. Anali achinyamata ndithu, maso ali psuu ndi tulo, ndipo ankalankhula akuyang'ana nsapato zawo.

"Mayi, ife apa tafika pamapeto. Mankhwala athu sakuwachiritsanso bambo anuwa, akungowachepetsera ululu. Ndiye pali ziwiri. Mutha kuwatenga kunyumba, kapena tiwatumize ku hosipisi."

Mzime anagwedeza mutu ngati wamva, koma sanamve. Anali atabwera molunjika kuchokera kuntchito, mapazi atatupa, ndipo chimene chinali m'mutu mwake nthawi imeneyo n'chakuti pakhonde lonselo panalibe benchi.

"Ndi nyumba yosamalira odwala amene sachiranso," anatero adokotala ataona nkhope yake. "Kuli anamwino usana ndi usiku. Bedi lapezeka limodzi, koma olifuna ndi ambiri. Mawa masana mundiyankhe."

Dzina loti Mzime anali nalo chibadwire, poti iye ndiye anali wotsiriza m'mimba mwa mayi ake, ndipo linamukakamira mpaka imvi zitayamba kutuluka. Ankagwira ntchito yosita nsalu za pabedi ku hotela ina yaikulu, m'chipinda chapansi chopanda zenera. Akaweruka kumeneko ankakayamba ntchito ina kunyumba, pakuti bambo ake ankakhala kwa iye chiwafereni ziwalo za mbali yakumanja. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, kuwasinthira zofunda akadziipitsira, zonsezi zinali zake kwa zaka ndithu. Kenako kunadza chotupa cha m'mimba, ngati kuti zoyambazo zinachepa. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma m'banja limeneli nkhonya zinkalumpha mitu ikuluikulu yonse n'kudzagwera pa kamutu komalizira.

Bambowo anthu ankawatchula kuti a Mizu. Anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale moyo wawo wonse, ndipo dzinali anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa liwu silinkawadutsa osalikumba mpaka pansi. Malemu akazi awo ankati a Mizu ukawapempha mchere, chakudya chimazizira akukufotokozera kumene liwu loti mchere linachokera ndi anthu amene linakumana nawo panjira. Matenda anawalanda dzanja, mwendo ndi theka la pakamwa, koma khalidwe limenelo analilambalala.

Mzime anabwerera m'wodi, nakoka katani, n'kutsegula kontena ya phala.

"Akuti chiyani mnyamata uja?" anafunsa a Mizu.

"Akuti mukupezako bwino."

"Bodza lako silinakule chiyambire. Khutu limene linafa ndi lakumanjali. Lakumanzere likadali pantchito, ndipo lamva *hospice*."

Analitchula Chingerezi chake chenicheni, ngakhale kuti linatuluka mopendekeka pa milomo yokhota ija. Mzime anadikira kuti alire, kapena amufunse ngati akufuna kuwataya. M'malo mwake maso awo anawala monga ankawalira kale akagwira choko.

"Ukudziwa kumene lachokera?"

"Bambo, imwani phala lisanazizire."

"Angerezi analibwereka kwa Afalansa. Angerezi ndi anthu obwereka osabweza, mawu awo ambiri ndi a eni. Afalansa nawonso si awo, analitola kwa Aroma. Pa Chilatini ankati *hospitium*. Ndiye usaganize kuti anali malo ofera ayi. Inali nyumba ya apaulendo. Kumapiri ozizira kumene anthu ankadutsa wapansi, ansembe ankamanga nyumba pampata, kuti amene kwamudera apeze moto ndi pogona. Kukacha azipitiriza ulendo wake."

Supuni inali m'malere, ikudikira kuti pakamwa papezeke mpata. Mzime ankaidziwa bwino ntchito imeneyi. Unkayenera kudikira mpaka apume, n'kulowetsa mwachangu asanayambe chiganizo china. Analowetsa imodzi. Theka linatsikira kuchibwano, iye n'kulikokolola ndi supuni yomweyo osayang'ana n'komwe.

"Pansi pa *hospitium* pali *hospes*," anapitiriza atameza. "Limeneli ndi liwu lodabwitsa. Limatanthauza mlendo, komanso limatanthauza mwininyumba wolandira mlendoyo. Liwu limodzi, anthu awiri. Chipatala chino pa Chingerezi ndi mdzukulu wake. Hotela yako ijanso ndi mdzukulu wake. Iwe tsiku ndi tsiku umasita nsalu kwa msuweni wa nyumba imene akufuna kunditumizako."

Anaseka okha, kuseka kwa mbali imodzi kumene kunathera m'chifuwa. Wodwala wa bedi loyandikana anakweza wailesi yake.

"Koma sitinafike pa muzu. *Hospes* ndi mawu awiri omata. Lakumchira limatanthauza mwini, mbuye. Lakumutu ndi... ndi..."

Anaima. Milomo inkayenda koma palibe chinkatuluka. Anayang'ana kudenga, anayang'ana botolo la diripi, kenako anayamba kumenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyo lija, pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo la nyumba imene akudziwa kuti muli anthu.

"Lili pompa. Ndaliphunzitsa kwa ana osawerengeka. Lili pompa, Mzime."

Chibadwire chake Mzime anali asanaonepo liwu litawathawa bambo ake. Anayenera kuchita mantha kapena chisoni, ndipo anadziwa kuti ayenera kutero. Koma chimene anamva ndi kutopa kokhakokha, komanso kakupsa mtima kochepa pansi pake. Ankaganiza kuti wamva kumene nkhaniyo ikupita. Mwininyumba ndi mlendo, moto ndi pogona: mphunzitsi wokalambayo ankamukumbutsa udindo wake mozungulira, monga ankachitira ali mwana akaiwala kutsuka mbale. Anatseka kontena, nawapukuta pakamwa, n'kunena kuti basi imusiya.

Kuntchito anali atamupempha kuti abwererenso madzulo chifukwa mnzake wina anadwala. Nsalu zinali mulu mpaka m'chiuno. Makina ankapuma nthunzi, thukuta linkatsikira kumsana, ndipo manja ankagwira okha: kutambasula, kusita, kupinda, kusanja. Ntchitoyi ankaikonda pa chifukwa chimodzi, chakuti nsalu ukaipinda imakhala momwemo, siikuitananso.

Pa nthawi yopuma foni inalira. Anali achimwene ake aakulu, amene ankakhala mumzinda wina wakutali ndipo ankawakonda kwambiri bambo awo pafoni. Mzime anawafotokozera zimene adokotala ananena.

"Ayi, mlongo, zimenezo ayi," anatero achimwene. "Bambo athu akafere m'manja mwa anthu osawadziwa ngati munthu wosabereka? Anthu adzati chiyani? Ife tidzayenda bwanji pamaliro?"

"Ndiye bwerani mudzawatenge, achimwene."

"Iwenso ukudziwa mmene kuno kulili. Nyumba yathu ndi ya pamwamba, masitepe okhaokha. Alamu akonso msana ukuwavuta. Iwe unawazolowera, ndipo iwo anakuzolowera. Limba mtima, kwatsala pang'ono. Mulungu akuona."

Mzime anafuna kufunsa kuti kwatsala pang'ono kuti chiyani, koma anangoti zikomo. Aliyense amene sananyamulepo munthu wamkulu kuchokera pabedi amadziwa bwino kulimbikitsa. Anaika foni m'thumba la epuloni n'kubwerera ku mulu wake.

Anafika kunyumba dzuwa litangolowa, ndipo chimene anayamba kumva akadali panja ndi phokoso. Ana ake ankaseka mokweza, wailesi ikuimba, wina akumenya ndowa ngati ng'oma. Kwa zaka zonsezo m'nyumba imeneyi munkayendedwa monyang'ama, poti bedi la agogo linali pabalaza, pakati penipeni pa zonse. Tsopano mazenera anali otsegula. Amuna ake, amene ankayendetsa lole ya kampani ya simenti, anali atatulutsa matiresi kuti aombedwe ndi mphepo, ndipo fungo lija la mankhwala ndi mkodzo, limene Mzime ankaganiza kuti linalowa m'makoma, linali litachoka.

Anaima pakhomo napuma mpweya umenewo mpaka pansi pa mapapo. Unali wokoma. Pomwepo manyazi anamugwira, ngati wapezeka akudya pamaliro mwambo usanathe.

Amuna akewo anamvetsera nkhani yonse akusenda lalanje. Anali munthu wabwino, wosalankhulalankhula, amene ankawanyamula apongozi ake kupita nawo kubafa Lamlungu lililonse osadandaula.

"Ndi bambo anu, mayi," anatero. "Mukati abwere, ine ndikawanyamula. Mukati apite, ndikawaperekeza. Ine chilichonse."

Anamupatsa theka la lalanje. Mawu amenewa anali achifundo, koma katundu anamusiyira yense pamutu pake monga analili. Mzime anadya lalanjelo ataimirira. Atatha anatenga beseni ndi sopo, nakachapa pulasitiki ya pabedi, n'kuuza ana kuti alowetse matiresi. Phokoso lija linazima lokha, popanda wowauza. Wamkulu mwa anawo anatseka mazenera.

Kutacha anaika m'chikwama jekete la bambo ake, lija ankavala kusukulu, pamodzi ndi thalauza ndi nsapato. Anali ataganiza. Awatengera kunyumba, ndipo zikhala monga zinalili mpaka tsiku limene zidzathe. Sanamve mtendere uliwonse pa ganizolo. Anangomva ngati munthu amene watula mtolo kuti amange bwino nkhata, kenako n'kuusenzanso.

Kuchipatala anawapeza bambo ake atakhala tsonga, atatsamira mapilo, ndevu zitametedwa. Anayamba kulankhula iye asanaike n'komwe chikwama pansi.

"Ndalipeza. Labwera lokha m'mawa akundisambitsa. *Hostis*. Khala pansi."

"Bambo, ndabwera kudzakutengani. Tiyeni muvale."

"Jekete ndaliona, likusuzumira m'chikwamamo. Khala pansi kaye. Phunziro silinathe."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, chikwama chili pamiyendo.

"*Hostis* poyamba anali mlendo chabe, munthu wochokera kwina. Ndipo Aroma nawonso sanalipange okha. Kumbuyo kwa Chilatini kunali chinenero china chakale kwambiri, chimene palibe anachilemba. Akatswiri anachita kuchilumikiza poyerekeza zinenero zimene chinabereka, monga mmene ungadziwire mphuno ya agogo amene sunawaone poyang'ana mphuno za adzukulu. Akatswiriwo akachilemba amaika kanyenyezi patsogolo, kusonyeza kuti n'zongoganizira. Kumeneko liwuli amati linali *ghosti*. Munthu amene mumapatsana naye chakudya ndi pogona, lero kwako, mawa kwake. Anthu akumpoto analitenga, ndipo kwa Angerezi linadzakhala *guest*, mlendo wolemekezeka. Aroma analitenga likhale *hostis*."

Anapuma. Kulankhula kunkawadya mphamvu, ndipo thukuta linali litatuluka pamphumi. Mzime anatambasula dzanja kuti awapukute, koma iwo analikankha.

"Tsopano mvetsera apa. Patapita mibadwo, kwa Aroma *hostis* linasiya kutanthauza mlendo. Linayamba kutanthauza mdani. Mdani weniweni, wobwera ndi mikondo. Mpaka lero Mngerezi akati *hostile* akunena za udani. Liwu lomwe lija la moto ndi pogona. Palibe mfumu inalamula kuti lisinthe, palibe anakhala pansi kupangana. Linangopita likusintha pakamwa pa anthu, pang'onopang'ono, iwo osadziwa."

"Ndamva, bambo. Kwezani dzanja ndikuvekeni."

"Sunamve. Ife timati mlendo ndi mame. Koma mame akakana kukamuka amasanduka chinyontho, ndipo chinyontho chimaoletsa nyumba. Ine kwanu sindibwererako, Mzime."

Jekete linali m'manja mwake, dzanja limodzi lili lende. Wodwala wa bedi loyandikana anali atatsitsa wailesi, ndithu kuti amve bwino.

"Mukunena chiyani? Ndakulakwirani chiyani ine?"

"Palibe. Ukukumbuka tsiku lija ndinagwetsa mbale ya msuzi pa nsalu zimene unali utangochapa kumene? Kale ukanandikalipira. Unkandikalipira bwino iwe, ngati mayi ako, mpaka ine kumva kuti ndikadali munthu. Tsiku limenelo unatola zidutswa, unachotsa nsalu, unandipukuta, osanena kanthu. Kuyambira pamenepo sunandikalipirenso. Umanditembenuza ngati nsalu za ku hotela kwako, bwinobwino, mosamala, osandiyang'ana kumaso."

Mzime anatsegula pakamwa kuti akane, koma anapeza kuti ngakhale nthawi imeneyo maso ake anali pa batani la jekete.

"Ine sindikudani, bambo."

"Ayi, sunafike. N'chifukwa chake ndikufulumira."

Kunja kwa katani wina ankakoka ndowa ya mopu, chitsulo chake chikulira pa simenti.

"Aroma zinawatengera mibadwo," anatero a Mizu motsitsa mawu. "M'nyumba ya zipinda ziwiri sizitenga nthawi yaitali choncho. Ndakhala ndikuliona liwulo likusintha pankhope pako. Sindikufuna kufa litamaliza."

"Achimwene akuti anthu adzati chiyani."

"Amene uja amandikonda chifukwa sanandipukutepo. Musiye azindikonda. Anthuwo adzanena, kenako adzapita kukadya."

Mzime anapinda jekete lija, nalifunyulula, n'kulipindanso. Panali mawu amene anakhala nawo pakhosi kwa nthawi yaitali, amene sanawanene kwa amuna ake, kwa anzake akuntchito, ngakhale m'pemphero, poopa kuti akawatulutsa miyendo idzakana kudzukanso. Anatuluka okha, aang'ono, opanda misozi.

"Ndatopa, bambo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Nanenso ndatopa."

Adokotala anabwera masana monga ananenera, maso ali ofiirabe. A Mizu anayamba kuwayankha okha, ndipo anafuna kuwonjezerapo za Afalansa, koma adokotala anamwetulira mwaulemu n'kutembenukira kwa Mzime. Iye ndiye anali wowayang'anira, ndipo yankho linayenera kuchoka pakamwa pake. Anaganiza za matiresi amene ana analowetsa, za pulasitiki imene inali itauma pachingwe, za mawu a achimwene pafoni. Bambo ake anali atatseka maso kuti asamuvute.

"Ku hosipisi," anatero.

Palibe chinagwa kuchokera kumwamba. Adokotala anangoti chabwino, galimoto ibwera mawa m'mawa, n'kupita ku bedi lotsatira.

Tsiku lowasamutsa amene anawaperekeza anali amuna ake, chifukwa kuntchito anamukaniza tchuthi. Achimwene anaimba kawiri, ndipo kachiwiriko Mzime anangoisiya foni ilire m'thumba mpaka inatopa. Madzulo ake anagona msanga, nagona ngati mwala, ndipo atadzuka anadzida chifukwa cha tulo tokomato.

Anapitako tsiku lotsatira ataweruka. Inali nyumba yaitali yosanja, kumapeto kwa msewu umene basi imatembenukira, yokhala ndi khonde lalikulu ndi mitengo iwiri itatu pabwalo. Pakhomo panali mayi wonenepa wovala yunifolomu yobiriwira.

"Mwabwera kwa ndani? Oo, kwa aphunzitsi. Atiphunzitsa kale zambiri chibwerereni. Alendo amasamba m'manja apa, kenako chitseko chachitatu. Belu likalira ndiye kuti nthawi yatha."

Chipindacho chinali ndi mabedi awiri, lina lopanda munthu. Zenera linali lotsegula. Mzime anaika chikwama pansi, ndipo asanapereke n'komwe moni dzanja lake linali litalowa kale pansi pa bulangete kufufuza ngati panyowa. Namwino amene ankakonza diripi anamugwira pamkono.

"Tachita kale zimenezo, mayi. Tawasambitsa, tawatembenuza, adya. Inu khalani."

"Takulandirani," anatero a Mizu, mwaulemu wonse wa mwininyumba. "Mpando ndi uwo. Mwayenda bwanji?"

Anakhala. Manja ake sanadziwe kopita. Anawaika pamaondo, anawapinda pachifuwa, anawabwezeranso pamaondo. Pakabati panali makapu awiri a tiyi, ina yovundikira ndi sosala.

"Ndinawapempha kuti awonjezere kapu, ndinawauza kuti ndikuyembekezera munthu. Wazizira, mabasi anuwa. Tsegula kabatiyo, m'kati muli kanthu."

Munali bisiketi imodzi yokulungidwa m'kapepala kopukutira pakamwa. Anali ataisunga pa tiyi wawo wam'mawa. Mzime anafuna kunena kuti adye okha, kuti iye wadya kale, koma anaona mmene ankamuyang'anira ndipo anakumbukira kuti padutsa zaka munthu ameneyu asanapatse wina aliyense kanthu. Anainyema, naviika m'tiyi wozizirayo, n'kudya.

Popeza panalibe china choti achite, anawayang'ana.

Sankadziwa kuti anatha choncho. Makutu anali atakula, kapena mutu ndiwo unachepa. Khosi linkasambira m'kolala ya malaya. Pamwamba pa diso lakumanzere panali kachipsera kamene anakaiwala kalekale, ka tsiku limene anagwa panjinga atamukweza iye kupita naye kukabayitsa katemera. Thupi limeneli ankalidziwa lonse, chilonda chilichonse cha kumsana, koma nkhopeyi anali asanaione kwa nthawi yaitali. Anali bambo ake, ndipo ankafa. Adokotala ananena, iye anagwedeza mutu, koma anazimva tsopano, atakhala pampando, atagona bwino, bisiketi ili m'kamwa. Kutopa kuja kunali kumutchinga, ndipo kutachoka panalibenso chomutchinga. Chinamupweteka kuposa msana, kuposa mapazi.

"Ukulira chiyani? Tiyi waipa?"

"Wazizira," anatero Mzime, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Munthu amaitana mlendo n'kumupatsa tiyi wozizira? Ndiponso tsitsi ili akupesani ndani, mukuoneka ngati nkhuku yonyowa."

A Mizu anatseka maso n'kumwetulira ndi mbali yamoyo ija, ngati munthu amene akumva nyimbo ya kale.

"Bisiketi imeneyo," anatero patapita kanthawi, "ukudziwa chifukwa chake amaitcha choncho?"

"Sindidziwa. Ndiuzeni."

A Mizu anatsegula diso limodzi kuti aone ngati akuwanyoza. Chibadwire palibe mwana wawo anawayankhapo motero.

"Nalonso Angerezi anabwereka kwa Afalansa. Koma ndi la Aroma. *Bis* ndiye kuti kawiri. Tsono mbali yachiwiriyo, imene ikunena za kuphika... poti apanyanja akale, akamapita ulendo wautali, buledi ankawaolera m'ngalawa, ndiye anaganiza zoti... anaganiza..."

Mawu anapita akuchepa. Chibwano chinatsikira pachifuwa. Mzime anadzidzimuka n'kuwerama, koma bulangete linkakwera ndi kutsika, pang'onopang'ono. Mankhwala anali atawagoneka.

Kukhonde belu linalira. Anamva mipando ikukokedwa m'zipinda zina, anthu akutsanzikana, nsapato zikulowera kuchipata. Mayi wa yunifolomu yobiriwira uja anasuzumira pakhomo, nayang'ana wotchi yake.

"Mayi, nthawi."

"Pang'ono pokha," anatero Mzime osatembenuka. "Sanamalize."

Anakokera mpando pafupi ndi bedi, theka la bisiketi lili m'manja, n'kudikira.